Anandipatsa Mpeni M'malo mwa Mfuti

Kusukulu kwathu amandidziwa ngati mnyamata amene anawaza chitedze pampando wa hedi boyi, komanso amene anabisa belu m'thanki yamadzi mpaka sukulu yonse n'kuweruka mongoganizira. Zonsezo n'zoona. Nkhani ya chule m'chikwama cha aphunzitsi a Chingerezi yokha ndiyo amandinamizira, chifukwa chuleyo analowa yekha, ine ndinangomutsegulira zipi. Ndikukuuziranitu zimenezi kuti musavutike n'kufufuza. Bodza ndimalitha, chipongwe ndimachikonda, ndipo sindikumbuka tsiku limene ndinapepesa mochokera pansi pa mtima. Koma tchuthi chatha, nditangomaliza Fomu 3, ndinagwira ntchito moona mtima kwa milungu isanu yathunthu, ndipo amene anandichita chipongwe choposa zanga zonse anali munthu wa ndevu zoyera, wosaphonya swala ya kumzikiti ngakhale imodzi.

Munthuyo ndi amjomba, mchimwene wawo wa mayi anga. Timakhala moyandikana nawo kuno kumapiri a Namwera. Iwo ndi mayi anabwera kuno ali ana, pothawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo m'katundu amene anawoloka naye munali mfuti yokulungidwa m'mphasa pamodzi ndi makasu. Ndi ya gogodela, ija yothirira kukamwa. Umathira onga, n'kutsindira kasanza, n'kuponyamo chipolopolo, kenako n'kumagogoda ndi chitsulo chachitali mpaka zonse zikhazikike pansi. Ukaomba kamodzi, basi, nyama ina yonse ya m'tchire imakhala ndi nthawi yotsanzikana bwinobwino iwe usanathirenso. Kuyambira ndili mwana mfutiyo inkangogona pamwamba m'chigafa cha fodya, ndipo ndinkaiona ngati mmene ena amaonera njinga yamoto ya mkulu wawo.

Ndinali ndi chifukwa choionera choncho. Amjomba sanailandire kwa bambo awo ayi. Anailandira kwa amjomba awo, ndipo iwonso analandira kwa amjomba awo. Kwathu zinthu zotere sizitsika kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana. Zimadumphira kwa mwana wa mlongo wako, amene Chiyao chimati mwipwa. Mwipwa wamwamuna wa amjomba ndi mmodzi yekha, ndipo ndi amene akukulemberaniyu. Panalinso lamulo lachiwiri limene ankalibwereza ngati nyimbo: mfuti imazindikira mwini wake watsopano ndi nyama yoyamba. Amene waomba nyama, nyamayo n'kudyedwa pakhomo, mfuti yamulola. Ine lamulolo silinkandidetsa nkhawa. Ndinkangoti tsiku langa lidzakwana.

Chimene chinatsitsa mfuti m'chigafa ndi mbawala. Amjomba ali ndi munda wa nandolo chakunjira ya ku Chowe, kutsidya kwa khwawa lakuya, ndipo mbawala yamphongo inayamba kumadya kumeneko m'mawa uliwonse ngati yalipira. Gogodela imafuna kuti uyandikire, masitepe 25 kapena 30. Koma inali nyengo ya mwera, masamba onse ali gwaa kuuma, ndipo ngakhale buluzi akadutsa ankamveka. Amjomba anayesa katatu kuinyang'amira, katatu konse inawaonetsa mchira. Malo okhawo obisalapo anali mwala waukulu tsidya lino la khwawa, ndipo kuchokera pamwalapo kukafika pamene inkadyera panali masitepe 70.

Tsiku lina masana ndinawapeza atakhala pakhonde pathu, mfuti ili pamiyendo, mayi akusenda mtedza pambali.

"Iwe wasukulu," anandiitana, "si paja mumaphunzira za mmene mwala umagwera ukauponya?"

"Timaphunzira, amjomba."

"Nanga zimathera m'kope momwemo, kapena zimagwira ntchito?"

Ndinati zimagwira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandisanjika mfuti ija m'manja.

"Mwipwa jwangu, ikonze mfuti yakoyi kuti izifika patali."

Anati yako. Ndinamva ndi makutu anga awiriwa, ndipo mayi anamvanso. Panthawiyo sindinadabwe kuti mayi sanadzutse mutu pa lichero lawo.

Mlungu woyamba unathera pa dzimbiri. Ndinakwecha mkati ndi kunja ndi palafini ndi sanza mpaka zala zanga zinanunkha ngati koloboyi. Kenako panabwera vuto lenileni: mfutiyo inalibe cholozera. Amjomba ndi makolo awo ankangoyang'ana pamwamba pa chitsulo n'kunena kuti Mulungu alipo. Pa masitepe 25 zimatheka. Pa 70 ungathe kupha mbuzi ya eni ake kumudzi wina. Ndiye ndinamasula kamkuwa kaja kamene kamamanga sipoko ku limu ya njinga, ndipo ndinachotsa panjinga yanga yomwe, tayala n'kuyamba kuvina. Kameneko ndinakamangirira kutsogolo, pafupi ndi kukamwa kwa mfuti. Kumbuyo ndinaikako kachidutswa ka chivindikiro cha polishi kamene ndinakacheka pakati. Ukaika kamkuwa pakati pa mpata umenewo, diso limadziwa kopita.

Amjomba anaona n'kuseka. "Mfuti yavala magalasi ngati kalaliki wa kuboma."

Tinkayesera kuseri kwa phiri, kutali ndi nyumba ndi mbuzi za anthu, ndipo tinkaomba kawiri kokha patsiku chifukwa onga sachita kutola. Ulendo woyamba sitinaikhulupirire. Tinaimanga kumtengo, tinakoka ndi chingwe titabisala kuseri kwa chulu. Itaphulika osang'ambika, amjomba anati Alhamdulillah, ine ndinatuluka ngati sindinaope. Mtunda ndinayeza ndi chingwe chobzalira chimanga. Chandamale chinali katoni ya sopo imene ndinajambulapo mbawala, ngakhale aliyense amene anaiona anati ikufanana ndi ahedi athu. Sizinali mwangozi.

Nkhondo yaikulu inali ya muyezo. Amjomba ankathira onga pachikhatho n'kumati maso awo sanama. Lero chipolopolo chigwere m'fumbi patsogolo pa katoni, mawa chidutse pamwamba kupita ku Mozambiki kwawo. Ndinawauza kuti ngati sitithira mofanana tsiku lililonse, kasanza kofanana, kugogoda kofanana, ndiye tikungowopseza mbalame. Tinakangana masiku atatu. Anati mwana wadzana sangaphunzitse munthu amene anadya nyama ya njati. Tsiku lachinayi anabwera okha ndi kabotolo kamankhwala kopanda kanthu, n'kunena kuti aganiza zoti tiziyezera mmenemo. Ndinawayamikira chifukwa cha nzeru zawozo.

Chilichonse ndinkalemba kumapeto kwa kope la Bayoloje: pamene ndinaloza, pamene chinagwera, kumene mphepo inkachokera. Mfutiyo imamenya theche ngati bulu, ndipo phewa langa linada ngati biringanya. Mayi ankandithowa ndi madzi otentha madzulo aliwonse. M'milungu imeneyo sindinachite chipongwe ngakhale chimodzi. Anthu a m'mudzi ankafunsana ngati ndikudwala.

Pa zonsezi panali munthu wachitatu: msuweni wanga, mwana wobereka wa amjomba. Amandiposa ndi chaka chimodzi, sukulu anasiyira Sitandade 8, ndi wamfupi, wojintcha, wofatsa ngati ng'ombe yangolo. Ntchito yake inali kunyamula katoni ndi kukaona pamene chipolopolo chaboola. Mfuti ikamalira ankatsinzina n'kubisa khosi m'mapewa ngati kamba.

"Msuweni, tsegula maso, mwina ungaone mkazi wodzakukwatira akudutsa," ndinkamunena.

"Iwe ndiye udzakwatira katoni yakoyo," ankayankha, n'kuseka yekha mochedwa.

Ankafunsa mafunso ambiri, ndipo ine ndinkayankha monyada ngati mphunzitsi watsopano. Kamkuwa umakaika pati? Mpweya umaugwira nthawi yanji? Mlungu wachinayi amjomba anati, "Mpatseko mnzakoyu aombeko kamodzi, asamachite manyazi kwa anzake." Ndinamupatsa. Anaphonya katoni yonse. Mawa lake anati aombenso. Ndinamugwira chigongono, ndinamukonza mmene amagonera, ndinamuuza kuti asamakoke chala ngati akuzula chinangwa. Anaboola khutu la ahedi. Ndinamuombera m'manja, ine chitsiru.

Ndiye panachitika china. M'mawa wina ndinapeza thako la mfuti, mtengo uja umatsamira paphewa, lafupika ndi zala zitatu. Amjomba anati kumapeto kwake kunali kofumbwa, ndiye adulako n'kukhomapo chidutswa cha tayala kuti phewa langa lipume. Ndinathokoza. Manja anga ndi aatali ngati a nyani, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkachita kupinda khosi kuti diso lifike pa cholozera. Sindinadzifunse kuti pakhomopo wamanja aafupi ndani. Ine amene ndimanunkhiza msampha wa mapulifekiti ndili pageti!

Pofika mlungu wachisanu, pa kuomba kanayi, katatu ndinkaboola chifuwa cha katoni. Chinsinsi chinali m'kope mwanga ndi m'mutu mwanga: pa masitepe 70 chipolopolo chimatsika pafupifupi chikhatho ndi theka, ndipo mwera ukamaomba chimakankhidwira kumanja. Suloza pachifuwa. Umaika kamkuwa pamzere wa msana, chakutsogolo pang'ono.

Tinanyamuka titangoswali swala ya m'mawa, kukuzizira koti mano ankagundana. Mfuti ndinanyamula ndine, ndinathira ndine, ndinagogoda ndine. Titafika pamwala ndinayala thumba la gaga, n'kugoneka mfuti pamwamba pake, ine n'kugona chafufumimba. Amjomba anagona kumanzere kwanga, msuweni kumanja. Dzuwa litangoyamba kuyeretsa nsonga za nandolo, inatulukira. Yofiirira, mawanga oyera m'ntchafu, nyanga zopotana. Inaima, inanunkhiza, kenako inayamba kubudula masamba mosatekeseka.

Ndikuyamba kutsitsa tsaya, dzanja la amjomba linagwira mfuti.

"Dikira," ananong'ona. "Pali vuto. Waikonza bwino kwambiri mfutiyi."

Ndinawayang'ana.

"Kale tinkaomba pafupi, n'kudumpha kamodzi, n'kuzinga nyama ikadapuma. Pano pali khwawa. Ine ndi maondo angawa ndikafika itazizira. Uyu," analoza mwana wawo ndi mlomo, "amathamanga ngati wasenza mtondo. Ikafa yosazinga ndi haramu, tataya onga pachabe. Amene anapambana mpikisano wothamanga kusukulu ndani?"

Anatulutsa mpeni m'thumba la jekete n'kundipatsa. Unali wokulungidwa bwino m'kansalu koyera, wonoledwa mpaka kunyezimira. Mpeni wotere sunoledwa pamwala mbawala ikukuyang'ana. Unanoledwa dzulo, mwina dzana, mwina tsiku lomwe lija anati mfuti yako.

Pambuyo pake ndinadzafunsa kwa odziwa, ndipo ena anati ukatchula dzina la Mulungu poomba zimakwanira. Koma amjomba satsata zimenezo. Kwa iwo nyama imene mpeni sunaipeze ikupuma sidyedwa, ndipo pakhomo pawo mawu ndi amenewo. Komanso taonani nthawi imene anasankha. Akanandiuza kunyumba ndikanakuwa mpaka anthu a kumsika n'kubwera. Pamwala paja ndikanangokweza mawu pang'ono, mbawala ikanathawa, ndipo mlandu ukanakhala wanga. Anandimanga pakamwa ndi nyama yanga yomwe. Monga katswiri pa ntchito imeneyi, ndikuvomera kuti msamphawo unali waukhondo.

Msuweni anali atayamba kale kusendera pamalo panga. Sanandiyang'ane. Thako la mfuti linakhala paphewa pake ngati anabadwa nalo.

"Muuze polozera," ananong'ona amjomba.

Apa ndiye pamandipweteka mpaka lero. Ndikanangoti loza pachifuwa, chipolopolo chikanalima fumbi, tonse n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Bodza laling'ono chonchi, loti ndimanena khumi tsiku lisanafike pakati. Koma mutu unali utaima, ndipo milungu isanu ija inayankhula yokha.

"Pamzere wa msana. Chakutsogolo pang'ono. Usatsinzine."

Chaka chonse chija ndinanena zoona kamodzi kokha pamene bodza linkafunika, ndipo kamodziko kanandidyera mfuti.

Inalira. Utsi unatiphimba, ndipo ndisanaone n'komwe ngati yagwa, miyendo inali itanyamuka yokha. Ndinatsetsereka m'khwawa ndi matako, minga ikung'amba malaya, ndinakwera tsidya linalo ndi maondo ndi zikhadabo. Penapake ndinadutsa m'chitedze, ndipo ndikudziwa kuti hedi boyi akamva zimenezi adzapereka sadaka. Ndinaipeza m'udzu wautali kumapeto kwa munda, pamene inagwera itathamanga pang'ono. Chipolopolo chinalowa kuseri kwa mwendo wakutsogolo, penipeni pamene ndinkaboola katoni.

Inali moyo. Miyendo yakumbuyo inkapalasa, mpweya ukutuluka mwaphokoso, diso lake lalikulu likundiyang'ana. Sindinaichedwetse. Ndinaigwira nyanga, ndinaitembenuzira kuchibula, kumene timayang'ana poswali, monga anandiphunzitsira amjomba omwewo pa mbuzi za Idi, ndinatchula dzina la Mulungu, n'kuzinga kamodzi. Inaphupha pang'ono, kenako zii. Ndinakhala pansi pambali pake ndikupuma ngati galu, thupi lonse likuyabwa. Kwa kanthawi sindinaganize za mfuti. Inali nyama yokongola, ndipo ndinaisisita pakhosi ngati ingamve.

Kenako ndinamva mawu kuchokera m'khwawa. Msuweni ankakuwa, "Ndapha! Baba, ndapha ndine!" Ndipo amjomba, akupuma movutikira pokwera, ankayankha, "Mwanangu! Mwanangu weniweni! Mfuti yakulola!"

Weniweni. Ndinayang'ana mpeni, ndinayang'ana udzu umene unandibisa mbali zonse, ndipo mutu wanga uja unadzuka n'kuyamba ntchito yake yakale. Panalibe amene anaona. Mboni ya nyama imeneyi inali imodzi yokha, ndipo anaisankha okha.

Pamene ankatulukira anandipeza nditagwira tsaya, nkhope ili ngati ya pamaliro.

"Bwanji?" anafunsa amjomba.

"Ndachedwa. Ndaipeza itafa kale. Ndangozinga mtembo, mwina ndimati idzuka."

Msuweni anatsegula pakamwa osatseka. Amjomba anagwada, anagwira khosi la mbawala, anayang'ana udzu wofiira.

"Magazi onsewa atuluka m'nyama yakufa?"

"Chipolopolo chaboola mapapo, amjomba. Waomba bwino kwambiri mwana wanuyu."

Anandiyang'ana m'maso. Amandidziwa kuyambira tsiku limene ndinabadwa.

"Lumbira."

"Ndilumbire? Amjomba, si inu munauza mayi chaka chatha kuti ine ndikati kwacha muzituluka kaye panja kukaona? Ndikalumbira kuti inafa, mukhulupirira? Nanga ndikasintha pano n'kunena kuti inali moyo, mudya?"

Apa ndi pamene amjomba anazindikira chimene anachita: anapereka mpeni kwa munthu wa miyendo, kuiwala kuti mwini miyendoyo ndi mwininso wa pakamwa. Nyama yokayikitsa munthu ngati iwo sangaiike m'kamwa, ngakhale mtima ukuwauza kuti mwanayu akunama. Msuweni anayamba kuchonderera, "Baba, akunama uyu, taonani akufuna kuseka," koma amjomba anangoimirira n'kusasa maondo.

"Pakhomo panga siilowa."

Kutaya nyama yonse ija kunali kosatheka. Kumsika kumabwera bambo wina wa ku Nkope, Mkhristu, amene amakwera kuno ndi usipa wouma n'kumasinthanitsa ndi chimanga, ndipo amachita lendi kachipinda kuseri kwa chigayo. Amjomba anati nyamayo ipite kwa iyeyo, ndipo monga chilango cha kuchedwa kwanga, woikankha panjinga ndikhale ine. Ndinavomera modzichepetsa kwambiri. Njinga yake inali yanga ija ya tayala lovina.

Bambo wa ku Nkope ataona mbawala yathunthu pakhomo pake anagwira kumutu.

"Mwana iwe, ndagona bwanji ine lero? Zaulere?"

"Zaulere, bambo. Akuti ndi haramu."

"Ee, koma chipembedzo chanuchi chikhalitse!"

Anaitana anzake awiri, anasenda, ndipo pofika masana chiwindi chinali pamakala. Ine ndinakhala pa njerwa osachoka. Atandiona ndikutambasula dzanja anandimenya pachala.

"Iwe, si Msilamu iwe? Usandiyambanitse ndi amalume ako, ndimagula chimanga kwa iwowo."

"Bambo, m'dziko lonse lino munthu amene akudziwa bwino za nyama iyi ndine ndekha. Ndaizinga ikupuma, ndi dzina la Mulungu. Ndi halali kuposa nkhuku ya ashehe."

Anandiyang'ana, anayang'ana nyama, kenako anaseka mpaka anatsamira khoma. "Iwe ukadzakula udzakhala loya kapena wakuba." Anandidulira chiwindi ndi mnofu wa ntchafu, anandipatsa mchere ndi tsabola. Ndinadya mpaka mimba inalimba ngati ng'oma. Sindinadyepo nyama yokoma choncho, ndipo ndikanama ndikati inandiwawa pakhosi. Sinandiwawe.

Chimene chinandiwawa ndinachipeza kunyumba. Mayi anali pakhonde akupeta, ndipo atangondiona mafuta pamilomo anadziwa.

"Wachita chiyani iwe?"

"Inu munkadziwa," ndinatero. Sindinafunse.

Anapitiriza kupeta kwa kanthawi. Kenako anati achimwene awo anawauza kale, mfuti isanatsike n'komwe m'chigafa, kuti masiku ano katundu amapita kwa ana obereka, ndipo apongozi ndi akazi awo sakanawamvetsa. Anati ine ndili ndi sukulu, msuweni alibe kanthu.

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

"Ukanaikonza?"

"Ayi."

"N'chifukwa chake. Komanso ndinaona kuti tchuthi chino ukhala ndi chochita, ndipume kupepesa kwa anthu."

Mayi amene ankandithowa phewa madzulo aliwonse, akudziwa kuti phewalo likuvulalira mwana wa eni. Za amjomba ndinali nditabwezera kale, ndipo mimba inali umboni. Koma izi ndinalibe nazo chobwezera. Ndinakalowa m'nyumba n'kumakanda chitedze changa.

Ndinali ndi chiyembekezo chimodzi. Lamulo linkati nyama idyedwe pakhomo, ndipo pakhomo pa amjomba sipanalowe ngakhale chiboda. Ndiye kuti mfuti inali isanalole aliyense, ndipo mbawala ina ikadzabwera tidzayambiranso. Lachisanu titachoka ku swala ya Juma, amjomba anaitanitsa banja pakhonde pawo. Anatulutsa mfuti, anaipukuta ndi nsalu, n'kuisanjika m'manja mwa mwana wawo.

"Nanga lamulo lija, amjomba?" ndinafunsa mwaulemu wonse. "Paja nyama sinadyedwe pano."

"Malamulo ena," anatero osandiyang'ana, "anatsala kutsidya kwa malire."

Choncho lamulo la mwipwa linatsala ku Mozambiki, la nyama yoyamba linatsalanso ku Mozambiki. Limene linawoloka bwinobwino ndi la mpeni lokha, chifukwa ndilo linkafunika kuti ndichoke pamwala paja. Ndinaimirira.

"Poti zatha, ndinene zoona. Mbawala ija ndinaipeza ili moyo. Ndinaizinga bwinobwino. Ndadyako chiwindi ndi ntchafu kuseri kwa chigayo, ndipo msuweni, unaomba nyama yonona, Mulungu akudalitse."

Msuweni anagwetsa misozi, mnyamata wamkulu ndi mfuti m'manja. Nyama yake yoyamba, osalawako ngakhale msuzi. Azakhali, akazi a amjomba, anayamba kutukwana m'Chiyao chakuya chimene sindichimva chonse. Amjomba anangoti, "Ukunama." Kenako anati, "Kapena unanama tsiku lija." Mpaka lero sadziwa kuti bodza ndi liti, ndipo ndikaona akundiyang'ana mumzikiti ndimadziwa kuti akuwerengabe.

Ndisanachoke ndinapempha kuti ndiigwire mfuti komaliza, ndiitsanzike. Msuweni, mtima wake wabwino uja, anandipatsa. Ndinamasula kamkuwa kakutsogolo n'kukaponya m'thumba.

"Aka n'ka njinga yanga. Tayala likuvina."

Palibe amene akanatsutsa. Anayesa kuikapo kena, koma kutalika kwake sikofanana, ndipo kope la Bayoloje lili m'chikwama mwanga. Chaka chino kwabwera mbawala ina kumunda kuja. Ndamva kulira kwa mfuti kanayi kuchokera kukhwawa, ndipo kanayi konse msuweni wadutsa pakhomo pathu atanyamula mfuti yokha. Ndimamufunsa ngati akufuna thandizo kunyamula nyama.

Anthu amati ndikapepese kwa amjomba, ndi mbuye wanga, ndi amene adzandiyankhulire ndikadzafuna kukwatira. Mwina adzaterodi. Tikakumana amandiitanabe kuti mwipwa jwangu, ine n'kuyankha mwaulemu, manja kumbuyo. Koma phewa lija litapola ndinapeza kuti mfutiyo sindikuifunanso kwenikweni. Anaidula kale kuti ikwane munthu wina. Chimene ndinkafuna n'chakuti pamene ankati yako akhale akunena zoona, ndipo chimenecho sangandibwezere.

Mpeni uja sanaufunsenso. Mwina anaiwala, mwina akuchita manyazi. Ndiwo cholowa changa chonse kuchokera kwa amjomba a amjomba awo, ndipo ndi wakuthwa bwino. Ndimasongolera mapensulo.